Bizinesi yoika maalamu m'nyumba mu Blantyre: poyambira pake ndi kayendetsedwe kake

Foni zambiri za ntchito imeneyi zimalira m'mawa, akuba atapita kale. Woimbayo amayankhula mawu akunjenjemera: alowa usiku, asasula malata pamwamba pa khitchini, anyamula TV ndi laputopu, ana sanagonenso mpaka kucha. Akufuna alamu lero lomwe. Chimene munthu wotere akupempha kwa inu ndi tulo take ndi ta ana ake, ndipo kuti atipeze akukutsegulirani zipinda zimene ngakhale abale ake ena salowamo.

Ndikulembera inu achinyamata amene mwaphunzira zamagetsi ndipo mukuganiza zodzilemba nokha ntchito. Ntchito ilipo mu Blantyre muno, kuyambira kumayadi a Namiwawa ndi Nyambadwe mpaka nyumba zatsopano zimene zikumangidwa ku Machinjiri, ku Chigumula ndi m'njira ya ku Chileka. Koma alamu imene mwaika iyenera kulira usiku umene magetsi azima, ikhale chete usiku umene palibe wakuba, ndipo ikalira papezeke wobwera. Zonse zimene ndilongosole pansipa zatsamira pamenepo.

Choyamba, manja adziwe ntchito

Ngati munadutsa ku Soche Technical College kapena sukulu ina ya ntchito zamanja yovomerezeka ndi TEVETA, maziko muli nawo. Komabe alamu ili ndi khalidwe lake. Imayendera mavoti 12 a DC, ndipo nzeru zake zambiri zili m'mapulogalamu a panelo, bokosi limene lili ubongo wa alamu yonse, osati m'mawaya okha. Pezani munthu amene ali kale pantchitoyi, mumunyamulire makwerero miyezi ingapo, ngakhale malipiro ake akhale ochepa. Safunsa anadya phula. Funsani chifukwa chimene waika sensa pakona iyi osati iyo.

Kenako gulani seti imodzi yanuyanu: panelo, keypad (kachipangizo ka mabatani kotcherera ndi kumasulira alamu), sensa ziwiri zoona kuyenda kwa munthu zija timati PIR, maginito a pachitseko, sayireni, thiransifoma ndi batire. Zikhomereni pa thabwa kunyumba kwanu. Lumikizani, masulani, lumikizaninso. Dulani waya dala muone chimene keypad ikunena. Zimitsani magetsi muwerenge maola amene batire lipirire. Werengani buku la panelo tsamba ndi tsamba mpaka mudziwe kusintha mtundu wa zoni, kutanthauza chigawo cha nyumba chimene panelo imachilondera pachokha, popanda kuimbira munthu foni. Zolakwa zanu zoyamba zithere pa thabwa limeneli, zisakathere m'nyumba ya kasitomala.

Mbali ya ntchito imene ikukhudza magetsi a ESCOM a mavoti 230, monga kukoka soketi yatsopano yodyetsa thiransifoma, ndi ya munthu amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngati mulibe, gwirizanani ndi mnzanu amene ali nacho, uku mukukonzekera kutenga chanu.

Mapepala

Apa sindichedwapo, koma musalumphe. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi. Tengani TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku MRA, amene likulu lawo lili ku Msonkho House m'tauni momwemu. Pitani ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, ku Chichiri, mukafunse za layisensi ya bizinesi. Tsegulani akaunti ya bizinesi kubanki, ndipo nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolandirira ndalama za makasitomala isakhale yomwe mumagulira ndiwo.

Pepala lina limene ambiri saliganizira ndi chikalata cha kupolisi chotsimikiza kuti mulibe mbiri ya milandu. Tengani chanu, ndipo aliyense amene muzilowa naye m'nyumba za anthu akhale nachonso. Muzichionetsa musanafunsidwe. Mayi amene anaberedwa dzulo akaona chikalatacho pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika, mtima umayamba kukhala pansi.

Zida, katundu ndi mpamba

Zida zoyambira si zambiri: dirilo yoboola khoma la njerwa ndi konkire, makwerero olimba, multimeter, zosendera mawaya, masikuludiraiva, tochi ya pamutu, ndi chingwe chokokera waya m'mapaipi. Pa multimeter ndi dirilo musaumire ndalama.

Sankhani mtundu umodzi kapena iwiri ya mapanelo, muidziwe mpaka mkati. Paradox ndi DSC ndi za ku Canada, IDS ndi ya ku South Africa, Hikvision ndi ya ku China, Ajax ndi ya ku Ukraine. Funso lalikulu posankha ndi lakuti: keypad ikafa chaka chamawa, ina ndiipeza kuti, ndipo patenga masiku angati? Katundu wopanda dzina wotchipa amakopa, koma tsiku limene rimoti yake yasowa mudzachotsa seti yonse, ndipo kasitomala adzaloza inu. Chipangizo chilichonse cholowa SIM khadi kapena chotumiza mauthenga pa mphepo chimayenera kukhala cha mtundu wovomerezeka ndi MACRA, choncho gulani kwa ogulitsa odziwika amene amapereka risiti ndi waranti.

Katundu yenseyu amachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola ndi randi. Amene tinali pantchito mu Meyi 2022, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 itagwetsedwa ndi 44 peresenti, tikudziwa ululu wolonjeza mtengo Lolemba n'kukapeza wina kusitolo Lachisanu. N'chifukwa chake simufunika kuunjika katundu wambiri ndi ndalama za katapila. Sungani zinthu zimene zimafa kawirikawiri, monga mabatire awiri atatu, thiransifoma, sensa zingapo, maginito ndi mpukutu wa waya. Zotsalazo muzigula ndi dipoziti ya kasitomala.

Kuyendera nyumba

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo musamatchule mtengo pafoni musanaione nyumbayo. Pitani masana, mutenge kope ndi pensulo, mupemphe eni ake kuti muyende nawo.

Yambirani kunja. Zungulirani mpanda wonse mukudzifunsa kuti mukanakhala wakuba mukanalowera pati. Onani mtengo wa mango umene nthambi zake zagwera pampanda, mulu wa njerwa umene wasanduka makwerero, ngalande yodutsa pansi pa khoma, mbali imene yayang'ana kumunda wa chimanga kapena kumtsinje kumene kulibe nyumba ina. M'nyumba za m'mapiri a Soche, Michiru ndi Mpingwe, mpanda umene ndi wautali mukaima mkati umatha kukhala wam'chiuno kwa munthu amene waima kumtunda kwake.

Mukalowa, musanyengeke ndi mabagala a m'mawindo. Akuba a kuno amadziwa kuwakanula, amadziwa kusasula malata n'kutsikira m'siling'i, ndipo khoma lomangira dothi amaliboola. Nyumba yotetezedwa pazitseko ndi m'mawindo pokha ili ndi denga lotseguka. Choncho kolido ya m'kati, balaza, ndi chipinda chimene muli kachitseko kokwerera m'siling'i zimafunika sensa ya PIR.

Ndiye khalani pansi mufunse mafunso a moyo wa pakhomopo. Ndani amadzuka usiku kupita kubafa, ndipo amadutsa pati? Agogo amagona chipinda chiti? Antchito apakhomo amafika nthawi yanji, ndipo amalowera khomo liti? Kuli mlonda? Agalu amamasulidwa usiku? Mphaka amagona m'nyumba? Kuboyizikota kumagona munthu? Nyumbayi ndi yawo kapena ya lendi? Mayankho amenewa ndi amene amakuuzani kagawidwe ka mazoni. Banja limene lili m'nyumba usiku limafuna kutchera zitseko, mawindo, balaza ndi khitchini, koma njira yochokera kuchipinda kupita kubafa ikhale yomasuka. Mukalakwitsa pamenepa, mwana adzaliza alamu pofuna madzi akumwa, ndipo pakatha sabata imodzi banjalo lidzasiya kutchera.

Za lendi zija n'zofunika. Wokhala nyumba ya lendi apeze kaye chilolezo kwa eni nyumba musanaboole khoma, ndipo nthawi zambiri alamu yopanda mawaya imamuyenera chifukwa adzasamuka nayo. Kwa mwini nyumba, ine ndimalimbikitsa ya mawaya. Imatenga masiku ambiri poika, koma simudzavutika ndi timabatire ta sensa iliyonse, ndipo makoma okhuthala a nyumba zakale za ku Mandala ndi Sunnyside sayitchinga.

Musanachoke, imani pamalo amene mukufuna kuika panelo muone netiweki ya Airtel ndi ya TNM pafoni yanu. Blantyre ndi wa mapiri ndi zigwa. Pakhonde netiweki imatha kudzaza koma m'kabati ya m'kati osapezeka. SIM khadi ya alamu ikhale ya kampani imene ikugwira bwino pamalo enieniwo.

Magetsi: werengani musanagule batire

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku kunapitirira kupyola chaka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa mapolo ndi kusiya madera mumdima. Ngakhale popanda namondwe, mayunitsi a magetsi amatha pakati pa usiku. Wakuba amaukonda mdima umenewu, choncho alamu ya mu Blantyre muziiwerengera ngati chinthu chimene chizikhalira batire kawirikawiri.

Batire lozolowereka m'mapanelo ndi la 12V 7Ah. Tiyerekeze kuti panelo, keypad, sensa zisanu ndi zitatu ndi kachipangizo kotumiza uthenga pafoni zonse pamodzi zikudya theka la ampeya. Pa pepala, 7 kugawa ndi 0.5 ndi maola 14. M'nyumba yeniyeni simudzawapeza maola amenewo, chifukwa batire silipereka mphamvu yake yonse, limafooka likamakalamba, ndipo sayireni ikalira imadya ampeya imodzi kapena kuposa. Musamangokhulupirira za pabokosi. Ikani multimeter muyeze chimene seti yanu ikudya, kenako muwerengere ngati muli ndi theka chabe la zimene pepala likunena.

Vuto lachiwiri ndi lakuti panelo imatchaja batire pang'onopang'ono. Magetsi akazima maola asanu ndi atatu n'kuyaka maola ochepa, batire limalowa mumdima wotsatira lisanadzaze. Batire la mtovu likamatsitsidwa kufika pansi pa mavoti 10.5 mobwerezabwereza limaonongeka, ndipo limene likanakhala zaka zitatu limatha m'miyezi yochepa. Njira zake ndi izi: ikani power supply yapadera yokhala ndi batire lake kuti idyetse sensa zapanja, kapena ikani batire lalikulu ndi tchaja yokwana, kapena la lithium la mtundu wa LiFePO4 limene linapangidwira maalamu. Ngati nyumbayo ili ndi sola ndi inveta, thiransifoma ya alamu idye kumeneko. Kasitomala akanena kuti, “Achimwene, chotsani zimenezo, zikukweza mtengo,” chotsani sensa ya m'sitolo kapena rimoti yachitatu, koma za batire musagonje. Muuzeni mosabisa kuti popanda zimenezo alamu yake izigona nthawi yomwe akuba amadzuka.

Kutentha nakonso kumadya batire. Pamwamba pa madigiri 25, kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 moyo wa batire la mtovu umadulidwa pakati. Aliyense amene anakwerapo m'siling'i ya malata mu Okutobala akudziwa moto umene umakhala m'menemo. Panelo musaiike m'denga. Ipezereni kabati kapena sitolo ya m'kati mwa nyumba, pamalo pobisika, podutsa mpweya, potetezedwa ndi sensa.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo kuli mphezi. Waya wautali wopita kugeti kapena kusensa zapanja umatha kubweretsa mphamvu ya mphezi mpaka m'panelo. Ikani surge protector pa soketi ya thiransifoma, lumikizani bokosi la panelo ku earth yabwino, ndipo mulembe m'mgwirizano kuti zoonongeka ndi mphezi sizili mu waranti. Nkhaniyi ndi yosavuta kuikamba mu Seputembala kusiyana ndi mu Januwale panelo itapsa kale.

Kotesheni

Lembani chinthu chilichonse pa mzere wake: dzina la chipangizo, chiwerengero, mtengo. Ntchito ya manja anu ikhale pa mzere wakewake, ndipo muiwerengere masiku enieni, mthandizi wanu, mayendedwe, ndi ulendo umodzi kapena iwiri yobwerera kudzakonza tina ndi tina. Achinyamata ambiri amaiwala waya, trunking yobisamo waya pakhoma, mapulagi a m'khoma ndi zomatira, ndipo phindu lonse limathera m'tinthu timeneti. Lembani kuti mtengowo ugwira masiku asanu ndi awiri okha. Dipoziti ikwanire kugula katundu yense, yotsalayo ilipidwe tsiku lopereka ntchito. Ndi bwino kupereka mitengo iwiri, wa chitetezo choyambira ndi wa chokwanira, kuti munthu asankhe malinga ndi thumba lake, bola onse awiri akhale ndi batire lokwana.

Munthu amene waberedwa kumene ali ndi mantha, ndipo angavomere chilichonse chimene munganene. Musamugulitse zimene nyumba yake sikufuna. Mantha akatha adzawerenganso kotesheni ija ndi mutu wozizira, ndipo adzauza anzake a kutchalitchi ndi a kuntchito chimene wapeza.

Kuika

Sensa ya PIR imaona kutentha kwa thupi limene likuyenda. Zambiri zimaikidwa pa mamita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, pakona ya chipinda, ndipo zimaona mtunda wa mamita pafupifupi 12. Imagwira bwino munthu wodutsa mopingasa kutsogolo kwake kusiyana ndi wobwera molunjika kumene ili, ndiye iyang'anitseni mopingasa njira imene wakuba angadutse. Isayang'ane zenera lolowa dzuwa, chitofu, kumbuyo kwa firiji, kapena katani imene imauluzika ndi mphepo.

Bowo limene waya walowera kumbuyo kwa sensa mulitseke ndi silicone. Nyerere, akangaude ndi mphemvu zimakonda kumanga m'menemo, ndipo kachirombo koyenda pa diso la sensa kamaoneka ngati chimunthu. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Ndili woyamba kumene, ndinaika alamu m'nyumba ina ku Chigumula, ndipo sensa ya m'khitchini sindinaitseke bwino. Inalira usiku katatu m'sabata imodzi. Usiku woyamba anansi anatuluka ndi matochi ndi zibonga, wachiwiri anabwera awiri, wachitatu sanatuluke aliyense. Eni nyumba anasiya kutchera osandiuza, ndipo ine sindinaimbe foni kufunsa. Patatha mwezi anaberedwa, alamu ili chete pakhoma. Nditatsegula sensa ija ndinapezamo nyerere. Nkhope ya mayi a m'nyumba imeneyo sindinaiiwale, ndipo kuyambira pamenepo ndimaimbira kasitomala aliyense pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata ziwiri, kufunsa funso limodzi: “Mayi, mukutchera usiku uliwonse?” Akayankha mozengereza, ndimapita tsiku lomwelo.

Mawaya a m'denga adutse m'mapaipi a conduit, chifukwa makoswe amatafuna waya wosavala. Asayende limodzi ndi mawaya a mavoti 230. Polumikiza pakhale pochepa, ndipo pamene mwalumikiza muwotcherere ndi kukulunga bwino, makamaka panja pamene chinyezi cha chiperoni mu Juni ndi Julayi chimadyetsa dzimbiri. Lembani nambala ya zoni pa waya uliwonse mbali zonse ziwiri.

Pali chinyengo china chimene ndikupemphani musachiphunzire. Zoni iliyonse imakhala ndi resistor yakumapeto, imene imathandiza panelo kuzindikira ngati waya wadulidwa kapena walumikizidwa mwachinyengo. Kukula kwake kumasiyana: mapanelo a DSC amagwiritsa ntchito 5.6k, a Paradox 1k. Malo ake ndi mkati mwa sensa, kumapeto kwenikweni kwa waya. Ena amaimangirira m'panelo momwemo kuti amalize msanga. Alamu imaoneka ngati ili bwino, koma waya wonse kuchokera papanelo kufika kusensa umakhala wopanda mlonda.

Keypad ikhale pafupi ndi khomo lolowera koma posaonekera pawindo. Nthawi yolowera, imene alamu imadikira kuti munthu amasule isanalire, musaitalikitse. Masekondi 30 amakwana nyumba zambiri. Sayireni zikhale ziwiri, ina mkati ina panja pamwamba posafikira munthu, yokhala ndi switch ya tamper yoliza alamu wina akaitsegula, ndi nyali yothwanima kuti obwera adziwe nyumba yake. Ikani kuti izisiya yokha pakatha mphindi zitatu mpaka zisanu, chifukwa anansi nawonso ali ndi ana ndi odwala. Batani la mwadzidzidzi likhale pambali pa bedi la makolo, ndipo lina m'khitchini ngati mayi kapena wantchito amatsala yekha masana. Sensa zapanja ndi zabwino chifukwa zimachenjeza wakuba asanakhudze chitseko, koma pakhomo pamene agalu amamasulidwa, udzu umakula msanga ndi mvula, ndipo nthambi zimagwedezeka, zimafuna kuyesa modekha masiku angapo.

Muzivula nsapato pamene eni nyumba amavula, muzipempha musanalowe kuchipinda chogona, ndipo m'chipinda chimenecho muzigwira ntchito pali mmodzi wa pakhomopo. Fumbi la dirilo musese nokha.

Ikalira, abwera ndani?

Funso ili mulifunse ntchito isanathe, ndipo yankho lake lilembedwe. Amene angakwanitse alembetse ku kampani ya chitetezo yokhala ndi galimoto zothamangira alamu ikalira. Pitani nokha mukadziwane ndi makampani amenewa, mufunse mtundu wa chipangizo chimene chimalankhula ndi ofesi yawo, ndi madera amene galimoto zawo zimaima usiku. Kampani imene galimoto yake imagona ku Ginnery Corner singathandize msanga munthu wa ku Lunzu.

Amene sangakwanitse, alamu izitumiza uthenga kapena kuimba pa manambala atatu kapena anayi: mwini nyumba, mnansi wodalirika, wapampando wa achitetezo a m'dera, ndi m'bale wokhala pafupi. Anthu amenewa avomere okha, ndipo muyese alamu iwo akumva kuti adziwe kulira kwake. Nambala ya polisi ya 997, pamodzi ndi nambala ya polisi ya m'deralo, kaya ndi Limbe, Soche, Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, zimatidwe pafupi ndi keypad. Popeza nyumba zambiri kuno timalondolera ndi chigayo, mpopi kapena tchalitchi, tumizani malo enieni a nyumbayo pa WhatsApp kwa onse amene adzathamangire kumeneko.

Muwauzenso eni nyumba kuti alamu ikalira asatuluke panja ndi chikwanje. Akhome chitseko cha kuchipinda, asonkhanitse ana, aimbe foni. Ndipo wakuba akagwidwa apite naye kupolisi. Taona anthu akuphedwa ndi gulu m'makwalala a mzinda uno, ena osalakwa, ndipo sayireni yanu isakhale chiyambi cha zimenezo.

SIM khadi ya alamu ilembetsedwe m'dzina la mwini nyumba. SIM yokhala nthawi yaitali yopanda ndalama ndi yosagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, ndiye gwirizanani kuti ndani aziikamo mayunitsi, ndipo panelo izitumiza uthenga woyesa sabata iliyonse.

Kupereka ntchito ndi kusunga chinsinsi

Tsiku lopereka, yendani kutsogolo kwa sensa iliyonse, tsegulani chitseko ndi zenera lililonse, eni ake akuona zoni ikuyaka pa keypad. Zimitsani magetsi pa main switch kuti aone okha kuti alamu ikadali moyo. Kenako aliyense wa m'nyumbamo, kuphatikizapo agogo ndi wantchito, atchere ndi kumasula ndi dzanja lake kawiri kapena katatu. Fotokozani m'Chichewa, ndipo musiye pepala limodzi lolembedwa zoni iliyonse ndi tanthauzo la nyali ya vuto.

Mapanelo ambiri amabwera ndi khodi ya kufakitale, monga 1234. Isinthidwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi khodi ya woika, imene inu mumalowera m'mapulogalamu a panelo. Khodi yaikulu ailembe mwini nyumba inu mutatembenuka. Munthu aliyense akhale ndi yakeyake, kuti wantchito akasiya ntchito muchotse yake yokha, komanso kuti panelo izisunga mbiri ya amene watsegula ndi nthawi yake. Mbiri imeneyi imateteza wantchito wosalakwa, amene nthawi zambiri ndiye woyamba kulozedwa chala pakhomo pakasowa kanthu.

Inu tsopano mukudziwa pofooka pa nyumba imeneyo kuposa wina aliyense. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Za m'nyumba ya kasitomala sizikambidwa pa bawo, mu minibasi, ngakhale kwa akazi anu kapena amuna anu. Mthandizi wanu asajambule zithunzi m'nyumba za anthu. Mukafuna kudzitsatsa pa Facebook, jambulani thabwa lanu lija kapena sensa yokha, osati geti, msewu kapena malo a panelo. Mapulani a nyumba, manambala a foni ndi mayina muzisunga pokhoma. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri za anthu, ndipo likukukhudzani kwambiri mukadzayamba kuikanso makamera. Mthandizi amene mwasiyana naye mosagwirizana, sinthani khodi ya woika m'nyumba zonse zimene analowamo.

Kubwerera, ndi kupeza ntchito ina

Ndalama ya kuika imabwera kamodzi. Imene imasunga bizinesi miyezi yowuma ndi ya mgwirizano wosamalira. Gwirizanani ndi kasitomala kuti muzibwera miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse pa mtengo wodziwika. Pa ulendo uliwonse yezani batire litachotsedwa pa tchaja komanso likunyamula katundu, chifukwa batire lakufa limatha kuonetsa mavoti abwino lili pa tchaja. Pukutani maso a sensa, chotsani ukonde wa akangaude, lizani sayireni, tsimikizani kuti uthenga ukufika pafoni zonse, ndipo werengani mbiri ya panelo muone ngati akutcheradi. Lembani tsiku loika pa batire lenilenilo ndi cholembera chosafufutika. Maulendo awiri asaphonyeke: wa mu Okutobala mvula isanayambe, ndi wa kumayambiriro kwa Disembala anthu asananyamuke kupita kumudzi kukadya Khirisimasi.

Ntchito zatsopano zambiri zimachokera kwa mnansi wa nyumba imene mwaika, ndiye mukamayesa sayireni pitani mukapepese ndi kudzidziwitsa kunyumba zoyandikana. Dziwananinso ndi amisiri omanga, oika magetsi ndi owotcherera mageti. Nyumba imene ikumangidwa ku Mpemba kapena ku Nancholi mukaipeza isanapakidwe pulasitala, mumaika mapaipi a conduit m'khoma, mawaya osaoneka, ntchito n'kukhala yaukhondo ndi yotchipa kwa mwini wake. Pemphani mpata wa mphindi khumi pa msonkhano wa achitetezo a m'dera, mupite ndi thabwa lanu, anthu aone alamu ikulira magetsi atazimitsidwa.

Foni yanu isamazime usiku. Sungani batire limodzi lodzaza, fyuzi, sensa imodzi ndi tochi m'chikwama chimene chili pafupi ndi khomo, ndipo mukhale ndi nambala ya wa kabaza kapena wa takisi amene angakunyamuleni m'bandakucha kasitomala akaimba kuti keypad ikulira ndipo magetsi sanayake kuyambira dzulo.